Musanagule throttle ya njinga yakale, yambani mwayeza kabuleta

Loweruka lina mwezi wathawu, pagalaja pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Turffontein mu Johannesburg panafika mnyamata wa kwathu ku Ntcheu. Ndi mmodzi mwa anyamata athu operekera zakudya ndi katundu m'makomo, tsiku lonse ali pamsewu ndi chibokosi kumbuyo. Koma mwanayu ali ndi mtima wa njinga zamoto zakale ngati ine, moti anasunga tindalama take mpaka kugula Honda CB550 ya 1976 kwa gogo wina wa ku Alberton. Asanakhale n'komwe pansi anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha throttle ya aluminiyamu yonyezimira, yolembedwa kuti ndi ya mpikisano. "Achimwene, njingayi ndi yaulesi, komanso dzanja likumandipweteka. Ndikaika iyi idzuka eti?" Ndinamuuza kuti foniyo aibweze m'thumba, andipatsire veniya, kachipangizo koyezera mamilimita, yomwe inali patebulo.

Zomwe tinakambirana tsiku limenelo ndi zomwe ndikulemba pano. Funso lakeli ndalimva kwa anthu ambiri, ndipo inenso ndinatayapo ndalama ndi nthawi pa nkhani yomweyi ndisanaimvetse.

Kumudzi ambiri timangoti akisileta, ena amati moto. M'mashopu a kuno ku Joni mukati throttle akumvani msanga, choncho ndigwiritsa ntchito dzina limenelo. Ndikamatero ndikutanthauza zonse pamodzi: labala wakumanja yemwe mumapotokola, kapaipi komwe labalayo wavalapo, kagudumu ka kumapeto kwa kapaipiko komwe waya amakulungikapo, kanyumba komangidwa pa handulo, ndi kebulo mpaka pomwe yakalowera mu kabuleta, chipangizo chosakaniza mpweya ndi petulo. Pa njinga yakale palibe kompyuta pakati. Dzanja likukoka waya, waya akukoka chitseko cha mpweya, basi. Ndiye throttle payokha siwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Ntchito zake ndi ziwiri: kutsegula kabuleta mpaka pamapeto mukafuna, ndi kuilola kuti itseke nthawi iliyonse mukasiya. Yachiwiriyi ndiyo ndimaiika patsogolo, chifukwa njinga yokana kuthamanga imangokuchedwetsani, pomwe yokana kutseka moto imakakumenyetsani kumbuyo kwa tekisi pa maloboti.

Tichotse kaye nkhani ya ulesi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko ndi kukwera kuposa boma la Dedza, pomwe Lilongwe ndi Blantyre zangopitirira 1,000 pang'ono. Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa magawo 6 a mphamvu yomwe ikanakhala nayo ku Durban, ndipo kabuleta yomwe inatcheredwa kugombe ikafika kuno imapereka petulo wochuluka kuposa mpweya womwe ulipo. Zizindikiro zake mukuzidziwa: mapulagi akuda bii ngati kunsi kwa mphika, utsi wonunkha petulo, injini yochita ngati yatsamwa mukatsegula moto. Mankhwala ake ali pa majeti (timabowo todutsira petulo) ndi singano ya mu kabuleta, osati pa chogwirira. Ndaona anthu akusintha throttle kawiri katatu pofuna kuchiza matenda a mpweya wopepuka wa kumtunda kuno. Masulani pulagi muone mtundu wake musanaononge randi ngakhale imodzi.

Kabuleta ndiyo imalamula

Mukatsimikiza kuti vuto lilidi kudzanja, musayambire ku handulo. Gwadani muyang'ane kabuleta.

Mitundu yomwe mungakumane nayo kwambiri ndi iwiri. Woyamba ndi wa silaidi, kachitsulo konga pisitoni yaing'ono komwe kamakwera ndi kutsika mkati mwa kabuleta, dzanja lanu n'kumakanyamula lokha kudzera pa waya. M'gulu limeneli muli Amal Monobloc ndi Amal Concentric za pa Triumph, BSA ndi Norton, Mikuni VM ya pa Yamaha XT500 ndi SR500, komanso Dell'Orto ya pa njinga za ku Italy ndi BMW R90S. Wachiwiri ndi womwe amati CV. Mu uwu dzanja limangotembenuza kachitseko kozungulira komwe amakanika amati butterfly, ndipo silaidi imakwera yokha ndi kukoka kwa mpweya, mothandizidwa ndi labala wopyapyala wa pamwamba pake. Yamaha XS650 inkabwera ndi yotere, chimodzimodzinso BMW R75/5 ndi zinzake zambiri zokhala ndi Bing.

Kabuleta ya silaidi ilibe chifundo. Mukaitsegula mwadzidzidzi injini ikadali pansi, khomo la mpweya limakula nthawi imodzi, liwiro la mpweyawo limatsika, petulo sakokeka mokwanira, injini n'kuyamba yafooka kaye isanadzambatuke. Ya CV imakhululuka, chifukwa ngakhale mupotokole mwaukali silaidi imakwera motsatira mmene injini ikupumira. Tsono taonani apa: throttle yofulumira ija, yomwe anyamata amaisirira, ikaikidwa pa kabuleta ya silaidi ikhoza kuchititsa njinga kumveka yaulesi kuposa kale. Imakhala ikukuthandizani kuchita msanga chinthu chomwe kabuletayo imadana nacho.

Tsopano veniya ija. Chomwe mukufuna kudziwa ndi kutalika kwa waya yemwe ayenera kukokedwa kuti kabuleta ichoke potseka ifike potsegula kwathunthu. Pa ya silaidi kutalikako kumayandikira kukula kwa khomo la kabuletayo: ya mamilimita 30 imafuna waya akokedwe pafupifupi mamilimita 30, ya 34 pafupifupi 34. Komabe yezani nokha. Chotsani fyuluta ya mpweya, mumasule kebulo ku handulo, mulembe chizindikiro pa waya ndi maka pomwe akutulukira m'chikopa chake, kenako mumukoke ndi dzanja mpaka silaidi ibisale yonse kudenga. Mtunda womwe chizindikirocho chayenda ndiwo nambala yanu. Pa makabuleta okhala ndi gudumu lakunja, monga a CV kapena anayi a pa Honda CB550 ija, kokani mpaka gudumulo ligunde pomwe limalekezera. Kayezedwe ndi komweko. Nambala imeneyo ilembeni pakapepala muike m'chikwama. Ndiyo mukapite nayo kushopu.

Kenako pali masamu a sitandade 7. Kagudumu ka throttle kakazungulira kamodzi kathunthu, kamakulunga waya wotalika ngati kukula kwake mutachulukitsa ndi 3.14. Dzanja la munthu limapotokola momasuka, osasintha kagwiridwe, pafupifupi kota ya mzungulirowo. Kagudumu ka mamilimita 36 kamakoka mamilimita 28 pa kota imeneyo, ka 44 kamakoka pafupifupi 35. Ndiye ngati kabuleta yanu ikufuna 30, pa ka 36 mupitirira kota pang'ono, madigiri 95, pomwe ka 44 kamaliza ntchito pa madigiri 78. Poyeza kagudumu yezani pansi pa ngalande momwe waya amagona, osati m'mphepete mwake. Chinsinsi chonse cha throttle ya mpikisano ndi chimenechi, kagudumu kakakulu.

Koma chaulere palibe. Kagudumu kakakula dzanja limalemedwa molingana. Kuchoka pa 36 kufika pa 44 kulemera kumakwera ndi gawo limodzi pa magawo 5 n'kupitirirako pang'ono, ndipo dzanja likangosuntha pang'ono waya wakokeka kale wambiri. Ku bwalo la mpikisano la Kyalami, komwe msewu ndi wosalala ndipo munthu akufuna moto wonse pakamphindi, zimenezo n'zabwino. Pa Rosettenville Road 5 koloko madzulo, tekisi ikuima paliponse, tayala likugwa m'maenje, dzanja likugwedezeka lokha, njinga imangodumphadumpha ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi.

Ine ndinaziphunzira pa njinga yanga, Yamaha XS650 ya 1979. Mwini wake wakale anachotsa makabuleta a CV n'kuika a Mikuni VM34 awiri, zomwe ambiri amachita ndipo si zolakwika. Koma throttle anaika yongotola, yomwe inkalekezera itakoka mamilimita 28 okha. Miyezi ingapo ndinkadabwa kuti pa msewu waukulu wa M2 njinga ikuthera mphamvu panjira, dzanja lafika pamapeto koma injini ikuoneka kuti ikadali ndi zina m'mimba. Tsiku lina usiku ndinachotsa mafyuluta, n'kupempha mayi a kunyumba kuti apotokole throttle mpaka pomwe imalekezera, ine ndikuunika ndi tochi ya foni. Masilaidi onse awiri anali akulendewera pakhomo, milomo yake ikuonekera, mpata wa mamilimita 6 wosatseguka. Ndinapisa chala n'kukankha imodzi, inakwera bwinobwino mpaka kudenga. Kabuleta inalibe mlandu.

Apo ndinalumphira mbali inayo. Ndinaitanitsa pa intaneti throttle yofulumira yotchipa, yopanda dzina la oipanga, kagudumu kake kopitirira 44. Masilaidi inawatseguladi onse. Koma masipuling'i awiri pa gudumu lotero ankalemera moti pofika ku Germiston chala chachikulu chinali chitachita dzanzi, ndipo pokhota pang'onopang'ono pa giya yoyamba njinga inkangonjanja. Choipa kwambiri chinali chobisika mkati. Ngalande yake inali yakuthwa m'mphepete, ndipo patatha masabata ochepa ndinapeza timawaya titatu titatothoka pafupi ndi kamutu ka kebulo. Kebulo yotere siyamba n'kuduka, imayamba n'kukodwa, ndipo ikakodwa moto umakhala wotsegula. Ndinaichotsa tsiku lomwelo. Yomwe ilipo pano ndi ya kagudumu ka 40, masilaidi amafika kudenga ndikangopitirira kota pang'ono, ndipo m'tauni njinga imamvera.

Ngati mukufunabe kuyesa, makampani odziwika monga Domino ya ku Italy ndi Motion Pro ya ku America amapanga ma throttle okhala ndi timagudumu tosinthitsa. Palinso tina tomwe sitozungulira mofanana: koyambirira ndi tating'ono kuti moto uzibwera mwaulemu, kumapeto n'kukula kuti mumalize msanga. Nzeru imeneyo ndimaikonda pa njinga ya mumzinda. Mtengo wake ndi wokwera, koma mumagula kamodzi.

Kebulo imodzi kapena awiri

Apa pamakhala chisokonezo pafupipafupi, chifukwa munthu akati throttle ya makebulo awiri akhoza kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Pali throttle yomwe makebulo ake onse awiri amakoka, iliyonse kupita ku kabuleta yakeyake. Imeneyi ndi ya njinga za makabuleta awiri a silaidi, monga Triumph Bonneville. Ndiye pali ina yomwe kebulo imodzi imatsegula, inzake n'kumatseka, yomwe kuno amati push-pull. Mukabweza dzanja, kebulo yachiwiriyo imakoka gudumu la kabuleta kuti litseke ngakhale sipuling'i itafooka kapena fumbi litagwira. Honda CB750 yoyamba ya 1969 inali ndi kebulo imodzi yogawikana kukhala anayi, koma pa mtundu wotsatira Honda anasintha n'kuika makebulo awiri, yotsegula ndi yotseka, okoka makabuleta onse pamodzi. XT500 nayonso ili ndi awiri otero. Kunja ma throttle awiriwa amafanana, mabowo awiri pa kanyumba. Tsegulani muone. Ngati mawaya onse akukulungika mbali imodzi, ndi yokoka pawiri. Ngati wina akukulungika pomwe mnzake akumasuka, ndi ya push-pull. Mukazisokoneza, kabuleta imodzi izitseguka inzake ili phee.

Langizo langa silipita m'mbali: ngati njinga inabadwa ndi kebulo yotseka, musaichotse. Ambiri amaichotsa kuti throttle ipepuke kapena kuti handulo ioneke yopanda zinyalala. Koma kuno tili ndi fumbi la m'milu ya migodi lomwe mphepo ya mu Ogasiti imalimwaza kum'mwera konse kwa mzinda, kenako dzinja limabwera ndi mvula yamabingu ya masana. Fumbi ndi madzi zikakumana m'kebulo kapena pa silaidi zimapanga phala. Nthawi yomwe injini ikukoka mpweya mwamphamvu silaidi imakanikizidwira kukhoma, ndipo sipuling'i payokha nthawi zina imagonja. Kebulo yachiwiri ija ndi ya tsiku limenelo.

Nanga njinga zomwe waya amalowa pamutu penipeni pa silaidi, monga za Amal ndi VM wamba? Izi simungaziikire kebulo yotseka, chotseka chake ndi sipuling'i basi. Choncho musaidule, musaikenso yofewa pofuna kupeputsa dzanja. Mukasiya throttle, silaidi izigwa yokha ndi kaphokoso koti kha! Pa Amal ikamakakamira panjira, nthawi zambiri wina anamanga manati a kabuleta mopyola muyeso thupi lake n'kupindika, poti chitsulo chake n'chofewa. Throttle yatsopano singachize zimenezo. Komanso ma throttle akale a ku Britain ali ndi kasikuluwu kolimbitsira kuti chogwirira chisabwerere chokha. Kanali kothandiza masiku omwe wokwera ankaloza ndi dzanja pofuna kukhota. Pamsewu wa lero kamasuleni mpaka throttle izibwerera yokha.

Pa makabuleta awiri a silaidi njira zilipo ziwiri: throttle yokoka pawiri ija, kapena kebulo imodzi yochoka ku handulo n'kukagawikana pansi pa thanki m'kabokosi konga batire la tochi. Kabokosiko kamakulolani kugwiritsa ntchito throttle wamba, koma kali ndi malire ake. Kapisitoni ka mkati mwake kamayenda mtunda wowerengeka, ndipo mtundawo ukachepera nambala ya pa kapepala kanu masilaidi sadzafika kudenga ngakhale throttle ikhale yabwino chotani. Kayezeninso. Ine pa XS650 ndinasankha yokoka pawiri chifukwa ilibe pobisala dothi pambiri ndipo kulinganiza n'kosavuta. Polinganizapo ndimaika chala chimodzi pa silaidi iyi, china pa inayo, injini ili yozima, wina n'kumapotokola pang'onopang'ono. Ziyenera kunyamuka nthawi imodzi, ndipo posiya muzimva kha! mmodzi, osati kha-kha.

Pali njinga za mitundu iwiri zomwe ndimachenjeza anthu kuti asathamangire kusintha. Zoyamba ndi za two-stroke, zomwe injini zake zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, monga Yamaha RD350, DT, ndi AG100 yomwe alangizi a zaulimi ankayendera kumudzi. Pa izi kebulo ya throttle imagawikana, nthambi ina n'kupita ku pampu ya oyilo, moti mukamawonjezera moto pampu nayo imawonjezera oyilo. Malume anga anali mlangizi, ndipo ndiwo anandionetsa kachizindikiro ka pa pampu ndili mwana wasukulu, akundiuza kuti moyo wa injini uli pamenepo. Mukaika throttle ndi kebulo zosaganizira nthambi imeneyi, kapena mukaphonya kulinganiza chizindikirocho, injini iyenda bwinobwino makilomita angapo kenako pisitoni n'kugwira. Zachiwiri ndi BMW zakale za masilinda otulukira m'mbali. M'kanyumba kake simuli kagudumu wamba, muli timano ta giya ndi katcheni kakang'ono, ndipo pali zizindikiro zoyenera kulunjikana pomanga. Ikalemera, kawirikawiri girizi wauma kapena mano adyeka. Tsukani, pakani girizi watsopano, mano akatha gulani ena, koma musaitaye.

Za handulo n'zachidule. Njinga zambiri za ku Japan ndi ku Ulaya ndi za 7/8 ya inchi, kapena kuti mamilimita 22, pomwe Harley-Davidson ndi inchi imodzi, mamilimita 25.4. Yezani, chifukwa pa njinga ya zaka 50 handulo yomwe ilipo ikhoza kukhala yachitatu. Labala wakumanja amakhala ndi bowo lalikulu kuposa wakumanzere poti amavala pa kapaipi. Tinyumba tambiri tili ndi kamsomali mkati kolowa pabowo la pa handulo kuti tisazungulire. Handulo yatsopano ikakhala yopanda bowo, boolani, musapale kamsomaliko. Ndipo pa njinga zambiri za ku Japan za m'ma 1970, kanyumba ka throttle ndi komwe kalinso ndi switchi yozimitsira injini ndi batani la sitata. Mukaika throttle yapadera mufunikanso kugula switchi ina. Musayende popanda chozimitsira pafupi ndi chala, chifukwa moto ukakakamira chochita ndi kugwira kilatchi, kuzimitsa pa switchi, n'kuima ndi mabuleki, ndipo zonsezi zimafuna kuti manja asachoke pa handulo.

Kebulo yeniyeniyo

Iyi ndi yomwe anthu amaipeputsa, pomwe ma throttle olemera ambiri omwe amafika pagalaja pano matenda ake amakhala mmenemo. Mukamakagula kapena kukapangitsa, tengani yakale, ndipo yezani zinthu ziwiri: kutalika kwa chikopa chakunja, ndi kutalika kwa waya yemwe amatsala panja mukamukokera yense mbali imodzi. Waya wotsalayu akachepa, silaidi sifika pansi ndipo injini imakuwa mukangoiliza. Akachuluka, mumamasula zotcherera zonse mpaka kumapeto koma throttle ikadali yokhwefuka. Dziwaninso kuti tinyumba timasiyana mkati, choncho throttle yatsopano nthawi zambiri imafuna kebulo yakeyake, ndipo mtengo wake muuwerengere limodzi.

Timitu ta kumapeto tikhale towotcherera ndi mtovu, waya atamwazidwa ngati tsache mkati mwa kamutu kuti asasololoke. Timitu tomanga ndi sikuluwu ndi tokufikitsani kunyumba kebulo ikadukira panjira, osati tokhala nato. Makebulo amakono okhala ndi pulasitiki woterera mkati, monga a Venhill, safuna oyilo wa injini. Akale achitsulo chokhachokha ndiwo amafuna kuti muwapachike n'kumadonthezamo oyilo wopepuka mpaka atulukire kunsi.

Poyendetsa kebulo ipatseni makona otakasuka. Isagone pa injini yotentha, isapanikizidwe ndi thanki, ndipo musaimange zolimba ndi timalamba tapulasitiki. Mukaika handulo yaifupi kebulo yakale imatsala n'kupindika, mukaika yaitali imaperewera n'kumakokeka. Kapaipi nako kachotseni, mupukute dzimbiri la pa handulo ndi sandipepa wosalala, mupake mafuta opepuka pang'ono chabe, chifukwa girizi wolemera amaitana fumbi. Muonenso ngati mapeto a labala sakukhuza mapeto a handulo. Kanthu kakang'ono kameneka kamagwira throttle ngati buleki, makamaka njinga ikagwapo mbali ya kumanja.

Mukamanga zonse, siyani pulei ya mamilimita 2 kapena 3, kutanthauza kampata komwe labala amayenda waya asanayambe kukoka. Mabuku ambiri a Honda amalola 2 mpaka 6. Pa push-pull tcherani yotsegula kaye, kenako yotseka, ndipo yotsekayo musaikungitse kwambiri chifukwa ziwirizi zikamalimbana throttle imauma. Injini isanalire potokolani mpaka pamapeto n'kusiya, handulo ili pakati. Bwerezani handulo itakhotera kumanzere kwathunthu, kenako kumanja kwathunthu. Ponse patatu ibwerere yokha, mwachangu. Mukatero lizani injini pa nyutulo, muisiye izilira yokha, mutembenuze handulo uku ndi uku mpaka pomwe imagunda. Kulira kwake kusasinthe. Kukakwera ngakhale pang'ono ndiye kuti kebulo ikukokeka penapake, ndipo njinga imeneyo isatuluke pageti.

Ena amandifunsa ngati kuli bwino kusunga throttle yoyambirira kapena kuika yamakono. Ngati kabuleta ndi yomwe njinga inabadwa nayo, yoyambirira ndiyo inapangidwa pa muyeso wake, ndipo mukaitsuka imagwira ntchito. Madala a ku Classic Motorcycle Club ku Germiston amayang'ana tinthu timeneti akamaona njinga, ndipo ogula nawonso amatero. Ngakhale mutasintha, zakalezo ikani m'bokosi musunge. Mukapeza mpata mupite ku James Hall Museum of Transport ku La Rochelle, pafupi pompano, mukaone njinga zamoto za makedzana, kapena mudzaonerere za DJ Run zikamafika kuchokera ku Durban. Pa ulendo umenewo amakumbukira mpikisano womwe unkachitika kuyambira 1913 mpaka 1936, ndipo amalola njinga zokhazo zomwe zinapangidwa chaka cha 1937 chisanafike. Zambiri mwa zakale kwambiri zilibe n'chogwirira chopotokola chomwe, zili ndi timaleva pa handulo, ndipo pa Indian zakale moto uli kudzanja lamanzere. Ndimasangalala kuona kuti eni ake sanazisinthe.

Mnyamata wa ku Ntcheu uja tinamutsegulira CB550 yake masana omwewo. Kebulo yotseka inali itachotsedwa kalekale, bowo lake atamata ndi tepi yakuda. Yotsegula inadutsa pomwe siyenera kudutsa, thanki itaipanikiza pa fulemu, ndipo pafupi ndi kamutu timawaya tiwiri tinali titaimika mitu. Titasolola kapaipi, handulo inali yofiira ndi dzimbiri ngati dothi la katondo. Mapulagi onse anayi anali akuda. Tinaitanitsa makebulo awiri a muyeso wake, throttle ya Honda yomwe inalipo tinangoitsuka n'kuibwezera. Atabwera kudzatenga Loweruka lotsatira, anapotokola n'kusiya, anapotokolanso n'kusiya, akumvetsera kha! wa masilaidi anayi akugwa pamodzi. "Achimwene, ndi yomwe ija imeneyi?" Ndinamuuza kuti ndi yomweyo. Za majeti tagwirizana kuti abwere kumapeto kwa mwezi akalandira.